Ukalamba, Mitsempha ya Mauthenga ndi Shuga wa M'magazi

Tsambali lalembedwera okalamba amene ali ndi matenda a shuga kapena amene akuwakayikira, pamodzi ndi ana, adzukulu ndi ena onse owasamalira. Likufotokoza mmene ubongo ndi mitsempha ya mauthenga zimathandizira kutulutsa insulini, zimene zimasintha munthu akamakula, ndi zimene banja lingachite. Zitsanzo zake zatengedwa pa moyo wa ku Chitungwiza, kumene kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique kudzagwira ntchito m'mafamu, m'migodi ndi m'mafakitale. Ambiri mwa ana a anthu amenewo ndi agogo tsopano.

Mfundo zazikulu

- Kapamba amatulutsa insulini shuga akakwera m'magazi, koma sagwira ntchitoyi payekha. Amalandiranso malangizo kuchokera ku ubongo kudzera m'mitsempha ya mauthenga.
- Munthu akamakalamba, shuga amachedwa kutsika akadya, ngakhale kuti wa m'mawa asanadye angaoneke wabwinobwino.
- Shuga akatsika kwambiri, wokalamba samva msanga zizindikiro zochenjeza. Akhoza kusokonezeka mutu kapena kugwa asanadziwe kuti pali vuto.
- Ukalamba pawokha si matenda a shuga, ndipo zambiri zimene zafotokozedwa pano zimapeweka.

Shuga, insulini ndi kapamba

Nsima, imene kuno timaidziwanso kuti sadza, buledi, mpunga, mbatata ndi maheu zikagayidwa m'mimba zimasanduka shuga wa mtundu wa glucose, amene amalowa m'magazi. M'magazi onse a munthu wamkulu wathanzi mumakhala shuga wokwana pafupifupi magalamu 4 kapena 5 pa nthawi imodzi, ndiye kuti ngati kasupuni kamodzi ka tiyi. Ubongo wokha umagwiritsa ntchito pafupifupi magalamu 120 a shuga pa tsiku ndipo susunga wambiri, choncho thupi liyenera kuonjezera ndi kuchotsa shuga m'magazi mosalekeza, usana ndi usiku.

Chiwalo chimene chili pakati pa ntchito imeneyi madokotala amachitcha pancreas. Chili kuseri kwa chifu. M'Chichewa ambiri amachitcha kapamba, ngakhale kuti dzina lomweli limatchulanso chiwalo china cha kumanzere chimene chimatupa munthu akamadwala malungo pafupipafupi. Patsamba lino, kapamba akutanthauza pancreas.

Mkati mwa kapamba muli timagulu ta maselo tokwana pafupifupi 1 miliyoni, timene Paul Langerhans wa ku Germany anatiwona koyamba mu 1869. Maselo ena a m'timaguluti amapanga insulini, imene imathandiza shuga kuchoka m'magazi n'kulowa m'minofu ndi m'mafuta, komanso imauza chiwindi kuti chisiye kutulutsa shuga. Maselo ena amapanga glucagon, imene imagwira ntchito mosiyana: imauza chiwindi kuti chitulutse shuga amene chinasunga. Insulini yochiritsira inapezeka mu 1921 ku Toronto, m'dziko la Canada, pa ntchito ya Frederick Banting, Charles Best ndi anzawo, ndipo wodwala woyamba anailandira mu 1922.

Mmene ubongo umalamulira insulini

Mawu akuti mitsempha amatchula zinthu ziwiri: mitsempha yodutsa magazi ndi mitsempha yotumiza mauthenga. Pano tikunena yachiwiriyi. Ina mwa iyo imagwira ntchito popanda ife kuiganizira. Ndi imene imayendetsa kugunda kwa mtima, kugaya chakudya, kutuluka thukuta ndi kuthamanga kwa magazi.

Kuti ubongo umakhudza shuga zinadziwika kalekale. Mu 1849 Claude Bernard wa ku France anabaya malo ena a kumunsi kwa ubongo wa nyama, ndipo posakhalitsa mkodzo wa nyamayo unapezeka ndi shuga. Masiku ano tikudziwa kuti m'mbali ya ubongo yotchedwa hypothalamus, komanso m'tsinde la ubongo, muli maselo amene amazindikira kuchuluka kwa shuga, ndipo amatumiza malangizo kudzera m'njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi ya nthawi ya kudya ndi kupuma. Mtsempha wake waukulu ndi vagus, umene umachokera m'tsinde la ubongo, kudutsa m'khosi ndi pachifuwa mpaka kukafika kuchifu, kuchiwindi ndi kukapamba. Ukafika kukapamba umatulutsa timadzi totchedwa acetylcholine, timene timalimbikitsa kutuluka kwa insulini. Zimenezi zimayamba msanga kwambiri. Munthu akangomva fungo la ndiwo ndi kulawa nthongo yoyamba, insulini yochepa imatuluka shuga asanakwere n'komwe, ndipo chiwindi chimayamba kukonzekera chakudya chimene chikubwera. Mtsempha womwewu umalamuliranso liwiro limene chakudya chimachokera m'chifu kupita m'matumbo.

Njira yachiwiri ndi ya nthawi ya mantha, ntchito yolemetsa, matenda kapena njala. Mitsempha yake imatulutsa noradrenaline, ndipo imauza tiziwalo tokhala pamwamba pa impso kuti titulutse adrenaline. Zimenezi zimachepetsa insulini, zimaonjezera glucagon, ndipo chiwindi chimatulutsa shuga. N'chifukwa chake shuga amakwera munthu akadwala kwambiri, akavulala kapena akakhala pa nkhawa yaikulu. Njira yomweyi ndiyo imabweretsa kunjenjemera, thukuta ndi kugunda kwa mtima shuga akatsika. Zizindikiro zimenezi n'zosasangalatsa, koma ndizo zimapulumutsa munthu, chifukwa zimamuuza kuti adye.

Insulini situluka ngati madzi a pampopi wotsegula. Imatuluka modukizadukiza, pakapita mphindi zochepa zilizonse, ndipo chiwindi chimaimvera bwino ikamafika motero. Timagulu ta maselo a mauthenga timene tili mkati mwa kapamba timathandiza kuti maselo a insulini azigwira ntchito pa nthawi imodzi.

Zimene zimasintha munthu akamakula

Kusintha kumeneku kumachitika pang'onopang'ono, ndipo sikufanana kwa anthu onse. Wina wa zaka 75 amene amalima dimba lake tsiku ndi tsiku angakhale ndi shuga wabwino kuposa wa zaka 55 amene amangokhala.

Choyamba, mphamvu ya mtsempha wa vagus imachepa. Zimenezi zimaonekera bwino pamtima. Kwa wachinyamata, mtima umathamanga pang'ono akamakoka mpweya ndipo umachedwa akamautulutsa. Kwa wokalamba, kusiyana kumeneku kumachepa. Chachiwiri, mitsempha ya njira yachiwiri ija imagwira ntchito mopitirira ngakhale munthu ali phee, ndipo noradrenaline amachuluka m'magazi. Komabe ziwalo monga mtima sizimumveranso kwambiri ngati kale. Ndiye kuti njira imene imalimbikitsa insulini ikufooka, pamene njira imene imaiphinja ikulimba.

Chachitatu, maselo opanga insulini amachedwa kuyankha chakudya, ndipo kudukiza kwa insulini sikuyendanso mwa dongosolo lake. Chachinayi, minofu imachepa ndipo mafuta a pamimba amachuluka. Popeza minofu ndiyo imatenga shuga wambiri munthu akadya, kuchepa kwake kumachititsa kuti thupi lifune insulini yambiri pa nthawi imene kapamba akuvutika kale.

Zotsatira zake n'zakuti shuga wa pambuyo pa chakudya ndiye amayamba kukwera, pamene wa m'mawa amakwera pang'ono chabe. Wokalamba angayezedwe asanadye n'kuuzidwa kuti ali bwino, chikhalirecho shuga wake amakwera kwambiri masana alionse akadya nsima.

Pali zina ziwiri zimene zimabisa matendawa. Ludzu limachepa ndi ukalamba, choncho wokalamba amene shuga wake wakwera sangamwe madzi ambiri ngati mmene wachinyamata angachitire. Impso nazonso zimayamba kutaya shuga mumkodzo pokhapokha atakwera kwambiri. Motero zizindikiro zodziwika, monga ludzu ndi kukodza pafupipafupi, zikhoza kusaoneka. M'malo mwake pamaoneka kutopa, kuwonda, kuiwalaiwala, kugwa, kusaona bwino, zilonda zosapola ndi matenda a chikhodzodzo obwerezabwereza. Achibale nthawi zambiri amati ndi ukalamba basi.

Matenda a shuga nawonso amawononga mitsempha

Shuga akakhala wokwera kwa zaka zambiri amawononga mitsempha ya mauthenga ndi timitsempha ta magazi timene timaidyetsa. Ambiri amadziwa za dzanzi ndi kutentha kwa mapazi. Koma mitsempha ya ziwalo za mkati nayonso imawonongeka, ndipo vutoli limaonjezera pa kufooka kobwera ndi ukalamba. Zizindikiro zake ndi izi:

- chizungulire poimirira, chifukwa magazi amachedwa kufika kumutu;
- kukhuta msanga, kutupidwa, nseru kapena kusanza chakudya chimene munadya kalekale;
- kudzimbidwa, kapena kutsegula m'mimba makamaka usiku;
- mtima kuthamanga munthu ali chikhalire;
- kulephera kumaliza mkodzo, kapena kuutaya mosadziwa;
- kuchepa kwa mphamvu za m'banja kwa abambo;
- mapazi ouma ndi ong'aluka chifukwa satulukanso thukuta.

Chifu chikamachedwa kutulutsa chakudya pamakhala vuto lapadera. Mankhwala amayamba kugwira ntchito chakudya chisanafike m'matumbo, shuga amatsika, kenaka n'kudzakwera patapita maola. Komanso matenda a mtima akhoza kubwera popanda kupweteka kwa pachifuwa. Munthu amangomva befu, kufooka kapena thukuta lozizira.

Pali zinthu zina zimene zimawononga mitsempha, ndipo dokotala ayenera kuzidziwa: mowa wambiri, kachilombo ka HIV, mankhwala akale a ma ARV monga stavudine, mankhwala a TB otchedwa isoniazid, ndi kuchepa kwa vitamini B12.

Kutsika kwa shuga: ngozi yaikulu kwa okalamba

Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L ndiye kuti watsika mofunika kuchitapo kanthu. Pansi pa 3.0 ndi ngozi. Kwa wachinyamata, kunjenjemera ndi thukuta zimayamba ubongo usanayambe kusokonezeka, choncho amakhala ndi nthawi yopeza chakudya. Kwa wokalamba, zizindikirozi zimafika mochedwa ndiponso mofooka, nthawi zina pa mlingo womwewo umene ubongo umayambira kusokonezeka. Mpata wodzipulumutsira umachepa kapena kutheratu. Ndiponso shuga akatsika kamodzi, thupi limachenjeza mofooka kwambiri pa nthawi yotsatira, choncho kutsika kumodzi kumaitana kunzake.

Taganizirani za agogo a ku Zengeza amene amwa mapiritsi awo a shuga m'mawa kwambiri, n'kunyamuka osadya kuti akapeze malo abwino pamzere wa kuchipatala. Pofika 11 koloko ayamba kulankhula zosamveka, akukwiya popanda chifukwa, ndipo akudzandira ngati oledzera. Owaona akhoza kuganiza kuti ndi sitiroko, misala, mowa kapena zamatsenga. Chimene akufunika pa nthawiyo ndi shuga.

Mwa wokalamba yang'anani izi: kusokonezeka, kugona kosazolowereka, kulankhula mododa, kusaona bwino, kufooka mbali imodzi ya thupi, kugwa, maloto oipa, ndi kudzuka zofunda zitanyowa ndi thukuta.

Zoyenera kuchita ngati munthuyo ali maso ndipo akutha kumeza:

1. Mpatseni shuga wokwana magalamu 15 mpaka 20. Ameneyu ndi masupuni a tiyi 4 osungunula m'madzi, kapena theka la kapu yaikulu ya chakumwa chozizira chokhala ndi shuga, kapena Mazoe wothira madzi ochepa. Zakumwa zopanda shuga sizithandiza.
2. Dikirani mphindi 15. Ngati muli ndi makina oyezera, yezani. Ngati sanasinthe, mpatseninso.
3. Akatsitsimuka, adye chakudya chenicheni monga nsima, buledi kapena phala.
4. Dziwitsani anamwino kapena dokotala, chifukwa mlingo wa mankhwala ungafunike kusinthidwa.

Ngati wakomoka kapena sakutha kumeza, musamuthire chakumwa m'kamwa, chifukwa chikhoza kulowa m'mapapo. Mgonekeni cham'mbali ndipo thamangirani naye kuchipatala, mutanyamula mankhwala ake onse.

Mankhwala ofunika kusamala nawo

Musasiye kapena kusintha mankhwala panokha. Cholinga cha gawo lino n'chakuti mudziwe zofunsa.

Glibenclamide amakakamiza kapamba kutulutsa insulini kaya munthu wadya kaya sanadye, ndipo amakhalitsa m'thupi, makamaka impso zikafooka. Shuga wotsika chifukwa cha iye akhoza kutsikanso patapita maola ambiri, choncho wodwala ayenera kuonedwa kuchipatala ngakhale atatsitsimuka. Bungwe la World Health Organization, pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika, limanena kuti glibenclamide si woyenera kwa anthu opitirira zaka 60, ndipo linaikapo gliclazide. Ngati muli ndi zaka zimenezi ndipo mukumwa glibenclamide, funsani ngati pali mankhwala ena.

Metformin payekha satsitsa shuga mopitirira kawirikawiri. Komabe amafuna impso zogwira bwino ntchito, ndipo akamwedwa kwa zaka zambiri akhoza kuchepetsa vitamini B12. Mukadwala matenda otsegula m'mimba kapena kusanza, funsani kuchipatala tsiku lomwelo ngati muyenera kuyamba mwamuimitsa.

Insulini yobaya imafuna kuti nthawi ya chakudya ikhale yodziwika. Ngati maso afooka kapena manja akunjenjemera, wina m'banja aphunzire kuyeza mlingo wake.

Mankhwala a BP ndi mtima monga atenolol ndi propranolol amabisa kunjenjemera ndi kugunda kwa mtima, ngakhale kuti thukuta limatulukabe. Quinine wa malungo amatsitsa shuga. Prednisolone amamukweza. Mowa, makamaka womwa pa mimba ya njala, umalepheretsa chiwindi kupanga shuga, ndipo vuto likhoza kubwera usiku munthu ali m'tulo. Mankhwala a zitsamba nawonso muwatchule kwa dokotala popanda manyazi.

Moyo wa tsiku ndi tsiku ku Chitungwiza

Chitungwiza ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 30 kumwera kwa Harare, ndipo anthu ambiri a misinkhu yogwira ntchito amachoka m'mawa n'kubwera usiku. Agogo amatsala okha kapena ndi adzukulu aang'ono. Mwana wa sukulu akhoza kuphunzitsidwa kuzindikira kusokonezeka kwa agogo, kusungunula shuga m'madzi ndi kuitana mnansi. Ndi bwino kuti mnansi mmodzi wodalirika adziwe za matendawa.

Pa ulendo wa kombi, pamzere wa kuchipatala kapena wa pachitsime, nyamulani masiwiti kapena shuga m'kapepala, pamodzi ndi kakhadi kolembedwa dzina lanu, matenda anu ndi mankhwala amene mukumwa. Ngati mwauzidwa kuti mubwere osadya kuti mudzayezedwe, funsiranitu ngati mankhwala a m'mawa muyenera kuwamwa mukatha kuyezetsa.

Pamaliro anthu amachezera usiku wonse ndipo chakudya chimachedwa. Kudya pambali pa nthawi yanu si kunyoza anamfedwa. Amene akufuna kusala kudya, kaya m'mwezi wa Ramadan kaya pa mapemphero a kutchalitchi, akambirane ndi dokotala masabata angapo nthawiyo isanafike. Shuga akatsika pansi pa 3.9, kapena zizindikiro zikayamba, kusalako kuyenera kudulidwa nthawi yomweyo.

Madzi amavuta kuno, ndipo m'miyezi yotentha monga October wokalamba amatha madzi m'thupi asanamve ludzu. Muikireni botolo la madzi abwino pafupi ndipo muzimukumbutsa. Shuga wokwera kwambiri pamodzi ndi kutha kwa madzi m'thupi zimabweretsa kukomoka kumene kumapha okalamba ambiri odwala shuga.

Magetsi akazima, insulini imene mukugwiritsa ntchito ikhoza kusungidwa kunja kwa firiji kwa pafupifupi masabata 4, malinga ngati ili pamalo ozizira bwino ndiponso kutali ndi dzuwa. Njira yodziwika ndiyo kuiika m'kachitini kotseka n'kukaika mumtsuko wadothi wokhala ndi madzi kapena mchenga wonyowa, pamthunzi. Insulini imene inaumapo ndi chisanu cha mufiriji isagwiritsidwe ntchito.

Pa chakudya, chepetsani kukula kwa mtanda wa nsima ndipo chulukitsani ndiwo zamasamba, nyemba, nsomba kapena mazira. Ufa wa mgaiwa, wa mapira kapena wa mawere uli bwino kuposa ufa woyera, koma nawonso ukachuluka umakweza shuga. Idyani katatu pa tsiku pa nthawi zofanana. Kuyenda mphindi 10 kapena 15 mukatha kudya kumathandiza minofu kutenga shuga. Kuimirira ndi kukhala pampando kangapo motsatizana, kulima dimba ndi kunyamula katundu wopepuka kumasunga minofu. Podzuka pabedi, yambani mwakhala pang'ono musanaimirire.

Kuyezetsa ndi tanthauzo la manambala

Malinga ndi miyezo ya World Health Organization, munthu ali ndi matenda a shuga ngati shuga wa m'mawa asanadye ndi 7.0 mmol/L kapena kuposa, ngati ndi 11.1 kapena kuposa patapita maola 2 atamwa madzi a shuga oyezera, kapena ngati HbA1c ndi 6.5% kapena kuposa. HbA1c imasonyeza mmene shuga wakhalira pa miyezi 2 kapena 3 yapitayo, koma ikhoza kusocheretsa ngati munthu ali ndi magazi ochepa. Ngati palibe zizindikiro, kuyeza kumabwerezedwa tsiku lina matendawa asanatsimikizidwe.

Mlingo umene dokotala amafuna kuti mufikepo sufanana kwa onse. Kwa wokalamba wamphamvu, HbA1c ya pansi pa 7 kapena 7.5% ikhoza kukhala yoyenera. Kwa wofooka, woiwalaiwala, wokhala yekha kapena wodwala mtima ndi impso, madokotala amalola mlingo wokwererapo, pafupifupi 8%, chifukwa ngozi ya kugwa ndi kukomoka imaposa phindu la kutsitsa shuga kwambiri.

Kamodzi pa chaka pemphani kuti akuoneni mapazi, maso ndi impso, ndiponso kuti akuyezeni BP mutagona kenaka mutaimirira. Mukhoza kuyambira kukiliniki ya m'dera lanu, ku Seke, ku Zengeza kapena ku St Mary's, ndipo ngati pakufunika chithandizo chapadera adzakutumizani ku Chitungwiza Central Hospital. M'Chishona matendawa amatchedwa chirwere cheshuga. Ngati agogo amamasuka kwambiri m'Chichewa, pitani nawo kuti mukawathandize kufotokoza, ndipo nyamulani kabuku kolembamo tsiku, nthawi, chakudya ndi chimene chinachitika nthawi iliyonse imene shuga anatsika.

Pitani kuchipatala mwamsanga ngati

- munthu wakomoka, akugwa khunyu kapena sakuzindikira anthu;
- shuga watsika ndipo sakukwera atapatsidwa shuga kawiri;
- shuga watsika mwa munthu amene amamwa glibenclamide kapena gliclazide;
- kamwa yapindika, mawu sakumveka kapena mbali imodzi yafooka, ngakhale atapatsidwa shuga;
- makina akusonyeza shuga wopitirira 20 kapena akulemba HI, makamaka ngati munthuyo akuwodzera, akusanza kapena pakamwa pauma;
- akumva befu, kupweteka pachifuwa kapena thukuta lozizira mwadzidzidzi;
- pali chilonda paphazi, kaya chikupweteka kaya ayi.

Tsambali silikulowa m'malo mwa uphungu wa dokotala kapena anamwino amene amakuonani. Litengeni pa ulendo wanu wotsatira wa kuchipatala ndipo funsani pa mfundo iliyonse imene ikukhudza inu kapena amene mukuwasamalira.